Taiga Pakhomo pa a Antonio

Dzina loti Taiga linafika ku Malindi kuno m'kamwa mwa munthu mmodzi, Che Atumani, ndipo amene angakuuzeni zina ndi wabodza, mukamuuze kuti ndatero ine Hamisi telala. Che Atumani anamenya nawo nkhondo ya azungu ku Bama ali mnyamata, m'gulu la asilikali la Keyala. Anabwerako ndi mamendulo awiri, chifuwa chosamva mankhwala, ndi liwu limeneli. Iwowa ndiwo anayambitsa gulu lathu la beni, gule wathu uja wovina titavala ngati asilikali, ndipo dzina analipereka okha osafunsa munthu.

Ukangowafunsa kuti kodi taigayo si kambuku, ndiye kuti wayamba dala.

"Kambuku? Iwe, kambuku ndi mphaka wa kukhitchini! Kambuku ali ndi mawanga. Taiga ali ndi mizere yakuda pathupi lofiira, kutalika kwake ngati bwato la anthu atatu. Kuno kulibe. Sakani kuyambira ku Makanjira mpaka ku Nsanje, simumupeza."

Nyamayo palibe wina anaionapo, koma dzina lake linabereka ana mudzi wonse. Apongozi aukali tinkati ndi taiga. Tsabola wa kambuzi, taiga. Mwera ukawomba mpaka asodzi kukokera mabwato kumtunda, unkamva akuti lero nyanja yadzuka taiga. Ngakhale bakha wa malume anga a Shaibu, amene ankathamangitsa ana panjira ya kumpopi, anafa ali ndi dzina lomweli.

Chaka cha 1988 ine ndinali kaputeni wa gululo. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, makina osokera pakhonde la sitolo, ndi mutu waukulu kuposa chipewa changa. Mayunifomu onse a Taiga ndinkasoka ndine.

Chaka chomwecho ndi chimene anthu othawa nkhondo ku Mozambiki anachuluka kwathu. Ambiri anapita kumakampu cha kumalire, koma mabanja ena anapempha malo kumtunda kwathu, m'munsi mwa mapiri, mtunda wa ola limodzi ndi theka kuchokera kunyanja. Anamanga timisasa taudzu, ndipo ankatsika kudzasinthitsa nkhuni ndi usipa. Tsiku lina mtsikana wina wa kumeneko anaima kutsogolo kwa makina anga atanyamula deresi lobiriwira la m'belo la zovala zothandizira. Analitambasula, ndipo linaphimba dzuwa.

"A telala, m'deresimu mukulowa anthu atatu. Mungachotsemo awiriwo, nditsale ndekha?"

Koma abale! Ine amene ndinkayeza akazi tsiku ndi tsiku osaphethira, tepi inandigwa m'manja kawiri. Dzina lake anali Celestina. Chinyanja chake chinali chokoka pang'ono, chothira tiziduswa ta Chipwitikizi, ndipo akaseka ankabisa pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. Deresi la tsiku limodzi ndinalisoka milungu itatu. Lero ulusi watha, mawa singano yathyoka, mkuja bwerani tidzayezenso. Ulendo wachisanu anandiuza kuti, "A telala, ngati muli ndi mawu nenani, miyendo yanga yatopa ndi phirili."

Ndinanena. Iye anayang'ana pansi n'kuti, "Ine ndavomera. Koma mayi anamwalira, amalume sitikudziwa kumene anathawira. Mawu atsala ndi bambo basi."

Walahi, tsiku limenelo ndinasoka thumba la kabudula wa munthu kumbuyo kwa bondo.

Ndinatuma malume anga a Shaibu kuti akwere phiri akaonane ndi bambo ake, a Antonio. Anabwerako madzulo fumbi lili mpaka m'maondo, anakhala pabenchi langa, n'kupempha kaye madzi.

"Malume, nenanitu!"

"Taleza mtima iwe. Mkuluyo sanakane, sanavomere. Wafunsa funso limodzi. Akuti, kodi mnyamatayo ali ndi anthu?"

"Anthu?"

"Akuti iye kwawo anali ndi abale khumi ndi awiri. Lero watsala yekha, ndi Celestina, ndi kakhanda kamene kanasiyidwa ndi mkulu wake wa Celestina. Akuti sangapereke mwana kwa munthu amene ali ndi makina okha. Akuti makina osokera sakumba manda."

Magazi anandikwera kumutu. Ine ndilibe anthu? Ine Hamisi, amene ndikaliza wezulo kamodzi amuna makumi anayi amaponda pansi ndi mwendo umodzi? Ine amene ndinachititsa manyazi beni ya kwa Mponda pabwalo lawo lomwe, akazi awo akuonerera? Ndinamenya tebulo la makina mpaka mabatani kumwazika.

"Akufuna kuona anthu? Awaona. Loweruka lino Taiga yonse ikukwera phiri, ikavine pakhomo pawo!"

Malume anaomba m'manja. Madzulo ndinauza gulu, ndipo gulu linakuwa ngati tapambana kale. Che Atumani anati apukuta mamendulo. Amayi oimba, motsogozedwa ndi a Mwanamvua, anayamba pomwepo kupeka nyimbo. Tinagwirizana chinthu chimodzi: pasapezeke wopita kukanena kumtunda. Ulemu wodzidzimutsa ndiwo umakoma. Celestina sindinamuuze n'komwe. Ankadziwa kuti ndimavina, ng'oma ankazimva chapatali, koma beni anali asanaionepo ndi maso.

Vuto linali mbendera. Yakale ija njenjete zinali zitaidya mpaka nyama ya pamenepo inkaoneka ngati mbuzi yodwala. Ndinagula nsalu yoyera, n'kupita nayo kwa aphunzitsi a Basil a kusukulu ya mishoni, amene anali ndi dzanja lojambula komanso mabuku. Che Atumani ananditsatira, akuti aphunzitsi angajambule kambuku.

A Basil anatulutsa buku la nyama, n'kutsegula. Ha! Kanali koyamba kuti ndimuone taigayo. Chimutu, ndevu, mizere yakuda kutsika m'nthiti.

"Ndi yemweyo!" anakuwa Che Atumani, akubaya tsambalo ndi chala. "Mwaona? Zaka makumi anayi mukunditsutsa!"

"Palibe anakutsutsani, Che Atumani," anatero a Basil. Anatenganso buku lina lonenepa, lofotokoza mawu a Chingerezi, n'kukweza magalasi. "Koma liwuli mukudziwa kumene linachokera?"

"Ndinabwera nalo ine. Pa sitima."

"Inu munangolinyamula chigawo chomaliza. Angerezi amene anakuuzani, nawonso si lawo. Analitola kwa Afalansa, ndipo Afalansa analitenga ku Chilatini cha Aroma. Aroma anabwereka kwa Agiriki. Agirikiwo akuti analimva cha ku Perisiya."

"Ndiye mwini wake ndani?" ndinafunsa.

"Bukuli silikulumbira. Likuti mwina kumeneko linkatanthauza chinthu chosongoka, kapena muvi, chifukwa nyamayi ikalumpha imachita ngati yaponyedwa pa uta. Ena amati ndi liwu limodzi ndi dzina la mtsinje uja wa Tigirisi, wothamanga madzi. Ena amakana."

"Muvi!" Ndinadumpha pampando. "Aphunzitsi, mwandipatsa nyimbo!"

Che Atumani anang'ung'udza kuti Agirikiwo ku Bama sanawaoneko. A Basil anaseka, n'kupitiriza kuti liwuli layenda dziko lonse, aliyense akulipinda monga mwa lilime lake. Ife timati taiga. Apwitikizi amati tigre.

Apa m'pamene nzeru zanga zinandipha. "Apwitikizi amati chiyani? Lembani limenelo! A Antonio anaphunzira sukulu ya Chipwitikizi. Awerenge okha, adziwe amene afika pakhomo pawo."

A Basil anati ndi ganizo labwino kwabasi. Anajambula nyamayo itayasamula, mano onse panja, ndipo pansi pake analemba ndi utoto wofiira zilembo zazikulu ngati dzanja langa: TIGRE. Munthu wophunzira, wa magalasi, mabuku ali mbwee, naye sanaone kanthu. Tonse tinali akhungu tsiku limenelo.

Masiku atatu sindinapume. Ndinachapa ndi kusita kaki yense. Ndinasoka timapewa tatsopano, malamba, matumba a pachifuwa, mizere ya maudindo pamikono. Anyamata anapala mfuti zathu zamitengo n'kuzipaka polishi wakuda mpaka zinkawala. Kale tinkavala mamendulo a zitsekerero za mabotolo ndi nthenga m'zipewa, koma ine ndinati zimenezo ndi zachibwana, tikaoneke asilikali enieni. Ndinachotsa nthenga zonse. Ndinkadziwa kusoka ine, ndipo tchimo langa lalikulu linali limenelo.

Loweruka m'mawa, mwezi wa Seputembala, tinanyamuka. Mayo ine, kukongola kwake! Amuna makumi anayi m'mizere iwiri, amayi makumi awiri pambuyo, ng'oma zitatu pakati. Che Atumani anakwera pakaliyala ya njinga ya Simioni, woimba ng'oma yaikulu, amene anapatsa mnzake ng'omayo kuti anyamule. A Basil anabwera ndi ambulera yawo, akuti akaone mbendera ikugwira ntchito. Malume a Shaibu anavala mkanjo wa pa Idi. Ine kutsogolo, wezulo pakamwa, chifuwa patsogolo ngati tambala.

Malindi yense anatuluka. Asodzi anasiya makoka padzuwa, amayi anasiya mitondo, nthungululu mbali zonse. A Mwanamvua anaponya nyimbo yatsopano ija, ife n'kuilandira:

"Muvi wauluka, tsekulani njira! Taiga wafika, wadzatenga wake!"

Fumbi linakwera mpaka pamwamba pa migwalangwa. Tinkaguba, kuima, kutembenuka, kugwada bondo limodzi, kudzukanso, osaphonya ngakhale phazi. Nkhalamba ina inatithamangira ndi chikho cha thobwa. Mtima wanga unkagunda pamodzi ndi ng'oma. Ndinkaona kale a Antonio akugwetsa misozi, akundigwira dzanja, akuti mwana wanga, sindinadziwe. Ndinkaona Celestina akubisa pakamwa. Ndinali wokondwa, abale, wokondwa mpaka kupusa.

Titayandikira, timisasa tikuoneka patali, ndinakweza dzanja. Beni ili ndi kalowedwe kake. Pampikisano sulowa m'bwalo ngati ng'ombe. Mumaletsa ng'oma, mumagawana pawiri, mzere wina kumanja wina kumanzere, mumayenda mowerama mwakachetechete mpaka mutazungulira bwalo. Kaputeni akaliza wezulo, ng'oma yaikulu imaphulika, nonse n'kulowa kamodzi mukukuwa. Kalowedwe kameneka ndi kamene kanatipatsa ulemu kwa Mponda.

"Monga mwa masiku onse," ndinanong'oneza. "Amayi tsalani kaye pano. Mbendera patsogolo."

Tinawerama m'udzu wouma. Tinazungulira. Ndinaona amayi akupeta, bambo wina akusema mpini, ana akusewera pafumbi. Ndinaimirira, ndinakweza dzanja, ndinaliza wezulo ndi mpweya wanga wonse.

Simioni anaimenya ng'oma ija. Du! Du! Du-du-du! Amuna makumi anayi anatumphuka m'udzu, mfuti m'mwamba, akukuwa.

Anthu anathamanga. Ndipo ine chitsiru, mukudziwa chimene ndinaganiza? Ndinati akuthamangira kukaitana anzawo! Ndinalizanso wezulo, ndinatembenuka mwaluso, ndinaponda pansi. Kenako ndinamva kulira. Sikunali kulira kwa munthu wodabwa. Mayi wina anakoka ana awiri pamkono, wachitatu n'kumusiya, n'kubwereranso, n'kugwa. Bambo wa mpini uja analumpha mpanda osaukhudza. Lichero linagubuduka, ufa mbwee. Nkhalamba ina inkakwawa kulowera kuthengo. Palibe anakuwa mawu, ankangolira ngati mbuzi zikaona mpeni. Nyimbo yathu isanafike pakati, mudzi wonse unali utatha. Mphika wa nandolo unatsala ukubwadamuka wokha pamoto.

Ng'oma zinazima imodziimodzi.

Pakhomo la kamsasa kena panatuluka munthu mmodzi, wamtali, waimvi, akukoka mwendo wakumanzere. Ameneyo sakanatha kuthawa. Anayenda mpaka pakati pa bwalo, anayang'ana mbendera, milomo ikuwerenga. Kenako anagwada pamaso panga n'kuika manja onse pamutu. Malume anandinong'oneza kumbuyo kuti, "Ndi a Antonio amenewo."

"Komandanti," anatero mkuluyo, maso ali pansapato zanga. "Ufa uli m'nyumba, tengani. Mafuta alipo botolo limodzi. Mbuzi tilibe. Mwana wamkazi ndilibe. Anamwalira panjira. Ndili ndekha. Ngati mukufuna wonyamula katundu, nditengeni ine."

Wezulo inagwa kuchoka pakamwa panga. Ndinabwera kudzapempha mwana wake, ndipo mawu oyamba amene bamboyo anandiuza anali oti mwanayo anafa, kuti ndisamupeze. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire.

Che Atumani anatsika panjinga. Sanakuwe. Anangoti, "Mfuti pansi. Zipewa pansi. Vulani majekete ndi nsapato. Khalani pansi nonse." Tinamvera ngati ana. Iwo anavula mamendulo awo n'kuika m'thumba, anapita kukakhala padothi pafupi ndi a Antonio, n'kutola mfuti imodzi.

"Achimwene, tsitsani manja. Gwirani ichi. Gwirani, musaope. Ndi mtengo uwu, wopaka polishi. Ife ndife ovina. Ndife a kunyanja, amene mumatigula usipa."

A Antonio anaigwira. Anaitembenuza, anaikanda ndi chikhadabo, anainunkhiza. Anayang'ana malume a Shaibu n'kuwazindikira. Anayang'ana a Basil ndi ambulera yawo.

"Nanga icho?" Analoza mbendera.

"Ndi dzina la gule wathu," anayankha a Basil, mawu ali pansi. "Ndi nyama ya kutali. Ndinalemba ndine."

"Kwathu si nyama," anatero a Antonio. "Kwathu anthu a mfuti satchulana maina a makolo awo. Amadzipatsa maina a zilombo. Amene anawotcha mudzi wathu ankadzitcha chomwecho. Anabwera m'mawa ngati uno. Anazungulira kaye mwakachetechete. Kenako wezulo."

Che Atumani anagwira kumaso. "Ana awa sadziwa nkhondo," anatero. "Koma ine? Ine amene nditabwera ku Bama ndinatha zaka ziwiri ndikulowa pansi pa bedi chitini chikagwa? Ine ndinayenera kudziwa. Ndakalamba chabe." Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ife tinadya tonse, gulu lathunthu, ndi aphunzitsi omwe.

A Antonio anadzidzimuka ngati akudzuka kutulo. "Celestina! Ali ndi mwana. Akathawa sabwerera, amadziwa kubisala masiku awiri osamwa madzi."

Apa ndiye Taiga inagwira ntchito imene sinaigwirepo. A Mwanamvua anati amuna asaitane, mawu a amuna awathawitsa kwambiri. Amayi athu anamwazikana m'thengo akuitana mofatsa, "Bwerani, ndi gule chabe! Ndife a ku Malindi! Bwerani, anzathu!" Ife amuna tinkatsatira pambuyo, opanda nsapato, ovala mavesiti okha, manja ali poyera. Minga, abale! Thengo la Seputembala lopanda nsapato! Palibe anadandaula.

Anayamba kutuluka mmodzimmodzi. Wina m'dzenje la makala, wina pamwamba pa mtengo, ana atatu m'phanga la nungu. Mayi uja amene anagwa ndi ana, atamva nkhani yonse, anapita kwa Simioni n'kumuwomba mbama yomveka kutsidya kwa khwawa, kenako anakhala pansi n'kuyamba kuseka, kuseka mpaka kusanduka kulira. Simioni anangoti, "Onjezani ina, mayi." Bambo wa mpini anabwera akutukwana m'zilankhulo zitatu, ndipo tinamusiya atukwane mpaka atatopa. Wina tinakamupeza atatsala pang'ono kufika pamsewu wa ku Namwera.

Dzuwa linapendeka onse atapezeka kupatula awiri. Ine mapazi anali magazi okhaokha, koma sindinkamva kanthu. Ndinakwera, ndinatsika, ndinasuzumira m'mapanga, ndikupemphera mapemphero onse amene ndinaphunzira kumadrasa. Cha m'ma folo koloko tinamva nthungululu kumunsi kwa khwawa. A Mwanamvua anali atawapeza pansi pa mizu ya mkuyu, pamene madzi anakumba. Celestina anali atagona chafufumimba, mwana ali pansi pake, chala chake chili m'kamwa mwa mwanayo kuti asalire. Onse anali amoyo.

Ndinathamanga, koma a Mwanamvua ananditsekereza ndi mkono. "Iwe ima uko. Wachita zokwanira lero."

Tinasonkhananso pabwalo paja, eni mudzi mbali ina, ife mbali ina, mulu wa kaki ndi mfuti uli pakati. A Antonio anamugwira mwana wawo kumutu, kumapewa, ngati akuwerenga ngati zonse zilipo. Atatha anatiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana mapazi athu.

"Telala ndi uti?"

Ndinaimirira.

"Ndinafunsa ngati uli ndi anthu," anatero. "Ndawaona. Ndi opusa, kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono. Koma ndi anthu. Taonani mapazi awo. Ine chiyambire nkhondo sindinaonepo amuna makumi anayi akulowa m'thengo kufuna mtsikana kuti akamubweze kwa bambo ake." Anatembenukira kwa malume. "A Shaibu, mubwere Lachitatu tidzakambe. Koma mubwere nokha, chonde."

Anthu anaseka, mbali zonse ziwiri. A Mwanamvua analiza kanthungululu kakang'ono. Simioni anandimenya pamsana, a Basil anagwetsa ambulera, malume ankangoti alihamudulila, alihamudulila. Ine mtima unabwerera m'malo mwake n'kuyamba kuvina. Ndapambana! Ndalakwa chotere, n'kupambanabe! Ndinapita pamene anakhala Celestina, ndinagwada, minga ili m'mapazi, mano onse panja.

"Cele, wamva? Bambo avomera!"

Anali atavala deresi lobiriwira lija, litang'ambika paphewa, dothi lili m'tsitsi. Anapereka mwana kwa mayi wina. Sanalire, sanakalipe. Anandiyang'ana bwinobwino.

"Ndamva, a Hamisi."

"Ndiye bwanji? Pepa, Cele, pepa kwambiri. Ndimafuna ndikusangalatse."

"Ndikudziwa." Anapukuta chala chija pansalu. "Ndinali kuseri kwa nyumba, ndikusambitsa mwana. Ndinakuonani mukudzuka m'udzu, musanalize wezulo. Ndinakuzindikirani. Ndinadziwa kuti ndi a telala anga awa. Ndipo ndinathawabe."

"Unachita mantha ndi zovala. Ndiziwotcha! Lero lomwe, pano, uone. Beni ndasiya. Sindidzagwiranso wezulo moyo wanga wonse."

"Si zovala." Mawu ake anali otsika, oti ndimve ndekha. "Munakweza dzanja, anthu akuthawa, inu mukumwetulira. Munakondwa. Uja anapha mayi naye ankamwetulira choncho, dzanja lili m'mwamba. Maola onse aja pansi pa mtengo ndimati ndikatseka maso ndione nkhope yake, koma imabwera yanu."

"Cele, ine sindinadziwe."

"Simunadziwe, ndipo sindikukudani. Yunifomu mutha kuwotcha, a Hamisi. Nanga nkhope mukaisiya kuti? Ine sindingadzuke nayo m'nyumba imodzi. Pepani."

Anaimirira, anatenga mwana, n'kulowa m'kamsasa. Kumbuyo kwanga anthu anali akusekabe, Simioni akufotokozera bambo wa mpini mmene ng'oma imakungidwira.

Malume anakwera phiri Lachitatu lija, anakweranso kawiri mwezi wotsatira. Yankho linali lomwelo. A Mwanamvua anapita okha kukalankhula ndi Celestina ngati mayi, anabwerako akupukusa mutu, n'kundiuza kuti ndimusiye mwana wa eni apume. Celestina kunyanja sanatsikenso, nkhuni ankatuma anzake.

Mvula itayandikira, a Antonio anatsika okha phiri lonse lija ndi mwendo wawo wokoka. Anafika pakhonde langa thukuta lili thupi lonse, ndinawapatsa benchi ndi madzi.

"Mwana wanga," anatero, "ine ndinavomera."

"Ndikudziwa, bambo."

"Ndamulankhula. Sindingamukakamize. Anamukakamiza zambiri kale."

"Musamukakamize, bambo."

Anakhala pabenchipo mpaka dzuwa kupendeka, ine ndikupondaponda makina, kusoka kabudula wa mwana wasukulu.